Choka, Sindichoka!

Fungo la fodya wouma m'chigafa limandibwezera kwathu ku Nsaru, chaka chimene ndinali mu Sitandade 8. Mvula inali itakata, chimanga chikuuma m'minda, ndipo manja a aliyense pakhomo pathu anali akuda ndi utomoni wa fodya. Anga okha ndiwo anali oyera, poti bambo anali atandiletsa ntchito zonse. Yanga inali imodzi basi, kukhoza mayeso.

Chaka chomwecho ndinatola kagalu kuseri kwa nyumba za matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe. Eni ake anali atasamuka n'kukasiya. Kanali kofiirira, nthiti zili pamtunda, makutu odzaza nkhupakupa. Ndinakakulunga m'chitenje n'kubwera nako kunyumba.

Bambo anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Anakayang'ana kamodzi kokha. "Mabuku ndi galu sizikhalira limodzi. Loweruka lino kapite kwa amalume ako ku Kabudula."

Mwana sabweza mawu kwa bambo ake. Koma kwathu munthu akakhala ndi mawu oti sangawanene pamaso, amatcha galu wake dzina la mawu omwewo, kuti akamamuitana mwini nkhani azimva. Ine ndinamutcha Sindichoka. Madzulo aliwonse, bambo ali pakhonde akusankha fodya, ndinkaima pakati pa bwalo n'kukuwa ndi mawu anga onse, "Sindichoka! Sindichoka!" Amayi ankathawira kukhitchini kukasekera komweko. Tsiku lina galuyo analowa m'chigafa, bambo n'kukalipa kuti, "Choka, Sindichoka!" Atadzimva okha, anatembenuka n'kubwerera ku fodya wawo.

Loweruka lija linadutsa galu ali pompo. Kenako bambo anandiitana ndi dzina londinyodola nalo. "Chabwino, Nagalu. Ukasankhidwa kupita ku sekondale, galuyu akhala. Ukalephera, ndikamutula ndekha tsiku lomwelo."

Ndinavomera mano ali gwa. Aphunzitsi ankatifuna m'kalasi mame asanakamuke, tikaweruka masana tinkabwereranso mpaka dzuwa litapendeka. Nthawi yosamala galu ndinkachita kuba. M'mawa ndinkamugawira phala langa m'chigubu chodula pakati. Nkhupakupa ndinkamuchotsa ndi dzanja limodzi, lina litagwira buku la Sayansi. Ankanditsatira kusukulu kudutsa padambo, n'kukagona pansi pa mtengo wa mango, maso ali pa zenera la kalasi yathu. Aphunzitsi ena atamugenda, m'mawa mwake ndinapita naye mwadala. Ndinalandira zikwapu ziwiri m'manja, osagwetsa msozi. Ndinali wamakani, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Sikuti zonse zinkayenda bwino. Patatsala milungu itatu kuti tilembe mayeso, ndinapeza galuyo atatafuna kope langa la Masamu, zidutswa zili mbwee kuseri kwa nkhokwe. Ndinamumenya ndi chisononkho, kenako ndinakhala pansi n'kulira, iye akundinyambita chigongono. Ndinkaopa kwambiri, poti Masamu ndiwo ankandivuta. Koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinakwirira zidutswazo bambo asanazione, n'kubwereka kope la mnzanga Tamanda. Masiku anayi ndinkakopera nthawi yopuma, anzanga akudya chinangwa panja, mpaka chala chinatupa.

Zotsatira zinafika m'chilimwe, fumbi lili koboo mumsewu. Dzina langa linali pakhoma la ofesi ya ahedi, ndipo anandisankhira ku sukulu yogonera komweko, kutali ndi kwathu. Ndinathamanga ulendo wonse, galu ali patsogolo. Bambo ndinawapeza akukonza njinga. Sindinanene kuti ndakhoza. Ndinangoti, "Galu akhala."

"Akhala," anatero, osadzutsa mutu.

Tsiku lonyamuka tinapita tonse ku siteji. Nditakwera galimoto ya matola, galuyo anafuna kulumphira momwemo, ndipo bambo anagwada pafumbi ndi buluku lawo la kutchalitchi, n'kumugwira pakhosi ndi manja awiri. Galuyo ankalira, akukanda pansi. Ndinawayang'ana awiriwo mpaka msewu unakhota.

Masiku amenewo ndinkati ndawagonjetsa bambo. Lero ndikuona kuti pangano lija silinandipatse mpata wokhala ndi galuyo: ndikanalephera akanachoka iye, nditakhoza ndinachoka ine. Bambo ankadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi, ndipo anamudyetsa okha mpaka galuyo anakalamba. Ine sindinkadziwa. Koma ngakhale ndikanadziwa, ndikanamutolabe.