Lilime la Amayi

Amayi anga amadyera lilime. Sindikunena kulongolola ayi, ngakhale nakonso amakutha. Ntchito yawo inali yolawa. Kufakitale yopanga tchipisi cha chimanga, chouma chija cha ngodya zitatu, iwo amaima kumapeto kwa lamba, kachipewa koyera kali kumutu. Tchipisi chikatuluka m'mafuta n'kuwazidwa mchere, amatola kachidutswa, kutafuna, kenako kukwezera kapena kutsitsira chala woyendetsa makina. Lamulo limati akalawa azilavulira m'kandowa. Amayi ankati kulavula chakudya ndi mwano, ndipo anayamba kumeza ine ndili kumsana.

Choswekasweka antchito amaloledwa kutenga. Amayi ankabwera nacho m'thumba la pulasitiki, ndipo bambo, omwe ndi telala, ankaliika pambali pa makina osokera. Phazi likupalasa, dzanja lili m'thumba. Ankakondetsa zinyenyeswa za pansi, kumene mchere wonse umakadikha. Nsalu za eni ake zinkabwerera ndi madontho a mafuta.

"Bambo, mukudzipha," ndinkatero ndikapita kukawaona.

"Iwe, n'chimanga ichi. Unamvapo kuti chimanga chinapha munthu?"

Tsiku lina masana ankafuna kulowetsa ulusi pasingano, dzanja lamanja n'kukana. Mnzawo wosoka nsapato pakhonde lomwelo anawapeza pakamwa patapotoka, malovu akuchucha pakolala. Atandiimbira foni ndinakhala pansi pomwe ndinaimapo.

Kuchipatala anesi sanazungulire. Anati magazi a bambo akuthamanga kwambiri.

"Chimangacho chilibe mlandu, koma mafuta ndi mchere zimene chavala," anatero. "Ulendo uno nthenda yofa ziwaloyi yawakhululukira. Ikabweranso, sindikulonjezani kanthu. Mankhwala azimwa, mchere muchepetse."

Amayi anachita mantha amene sindinawaonepo. Thumba lija analitaya kudzala. Kukhitchini analetsa aliyense kuyandikira poto wa bambo. Pafoni ankandiuza kuti, "Mwanawe, mchere ndikungothira pang'onopang'ono, n'kumalawa. Sukumveka n'komwe."

Koma ulendo uliwonse bambo akapita kukayezetsa, anesi ankapukusa mutu. Mpaka anafunsa ngati akuluwa sakudya tchipisi chija chamseri. Amayi anabwerera kunyumba maso ali piriwiri. Anasecha matumba a jekete, anakhuthula kadilowa ka makina osokera, anatembenuza matiresi. Bambo analumbira ndi pakamwa popotokapo kuti sanakhudzeko, ndipo misozi inkatsika mbali imodzi. Ine kwanga sindinkapezanso mtendere. Foni ikangolira, ndinkayamba ndayang'ana dzina ndisanayankhe.

Ndinatsanzika kwa amuna anga kuti ndikakhaleko masiku angapo. Masana oyamba amayi anapakula mpunga ndi nyemba. Dzanja la bambo linali likadali lolemera, choncho ndinatenga supuni kuti ndiwathandize. Ndinalawa kaye kuti ndione ngati zazirala.

Mchere unandiluma mpaka kukhosi.

"Amayi, mwathira kawiri kodi?"

"Chiyani?"

"Mchere. Nyembazi zawawa."

Anandiseka. "Iwe ukandiphunzitse ine za mchere?" Analanda supuni, kulawa, kuyendetsa m'kamwa monga amachitira kuntchito. "Zozizira izi. Ngati madzi."

"Amayi, ndikulumbira."

Analawanso. Analawa kachitatu. Kenako anapita pashelefu, anatsina mchere m'botolo n'kuika palilime. Anaima choncho akudikira, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Mchere weniweniwo ankaumvera patali. Zaka zonse za kumapeto kwa lamba zinali zitawadya lilime, ndipo pang'ono pawo sipanali pang'ono pa anthu ena.

Ndinatembenukira kwa bambo, omwe anali atazolika.

"Bambo, inu simumaumva?"

"Ndimaumva." Mawu ankatuluka mokoka.

"Ndiye osanena bwanji? Anesi anakuuzani chiyani?"

Anayang'ana amayi, kenako mbale.

"Mayi akowa lilime ndiye ntchito yawo. Ndikanawauza bwanji kuti latha?"

Amayi sanalire. Anachotsa mbale ija pamaso pa bambo mofulumira ngati muli njoka. Anandipatsa botolo la mchere n'kunditsekera zala zanga pabotolopo.

"Kabise," anatero. "Usandiuze kumene waika."

Masiku angapo aja anasanduka miyezi. Wophika ndine, ndipo anesi ayamba kumwetulira pang'ono, koma mantha sanatuluke m'nyumba muno. Bambo akakhosomola, tonse timasiya zimene tikuchita. Kuntchito amayi anapempha kuti awasinthire kolongedza m'makatoni, ndipo amauza anzawo kuti atopa ndi kutentha kwa mafuta.

Pa nthawi ya chakudya amakhala moyang'anizana ndi bambo. Amadya nyemba zanga zimene kwa iwo sizimveka kanthu, osadandaula. M'mbale mwawo sayang'anamo. Amayang'ana pakamwa pa amuna awo, kuti aone ngati pakadali pomwe panali dzulo.