Phazi Lamanzere la Mayi Chisale

Ndimaphunzitsa anthu masewera otsetsereka pa ayezi atavala nsapato zokhala ndi chitsulo pansi, kuno ku London. Wophunzira wanga woyamba wochokera kwathu anali Mayi Chisale, namwino wa ku Barking, dera lina la mumzinda uno, amsinkhu wa amayi anga. Ankakonzekera mayeso a kapondedwe. Pamayeso amenewa umayenera kupendekera mbali imodzi ya chitsulo cha pansi pa nsapato, n'kusiya mzere umodzi wokhota bwino pa ayezi. Phazi lawo lamanzere linkaponda fulati, n'kumasiya mizere iwiri. Ndinkaziona sabata iliyonse. Akanakhala wina aliyense ndikanamudzudzula pomwepo, koma iwowa ankanditchula kuti “mwana wanga”, lilime langa n'kulemera.

“Ndakonzeka, eti?” anandifunsa mayeso atayandikira.

“Mwakonzeka kwambiri, amayi,” ndinatero, maso ali pa zingwe za nsapato zanga.

Analephera. Anatuluka atagwira pepala la woyesa. “Walemba kuti vuto ndi phazi lamanzere. Nanga iwe sunaone bwanji?”

Apa mpamene ndikananena zoona. Koma ndinatsitsa mawu ngati munthu wodziwa zam'kati. “Amayi, anthu a kunowa mukuwadziwa. Ndi khungu lathuli.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Zoterezi anakumana nazo kambirimbiri kuntchito, moti sanafunsenso. Chonsecho woyesa uja, mayi wachikulire waulemu wake, analemba zoona zokhazokha.

Pa ayezi sanabwererenso. Kutchalitchi amandigwira dzanja n'kumauza anzawo kuti, “Mwana uyu yekha ndi amene anandiuza chilungamo.” Ine, mphunzitsi wamkulu, ndimangomwetulira n'kunena kuti zikomo.