Lole ya Asilikali pa Chikamwini

Chingwe chinadukanso, amuna onse n'kugwa chagada mumchenga. Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamanga china cha luzi la mlambe, chopota bwino, ndipo ndinati tikokenso. Lole inasuntha pang'ono, matayala ake ophwa akukwekwereza pansi.

Inali lole ya asilikali, yamphuno yaifupi, utoto wobiriwira utasuluka ndi dzuwa. Ndinaipeza ndikudula mitengo ya nkhokwe ya apongozi, mumtsinje wouma kuseri kwa Mburuma. Mzungu wina wosaka ng'ona anaigula nkhondo itatha. Inamufera pamenepo, iye n'kupita osabweranso. Ku boma ku Feira anandiuza kuti ngati ndingaithe, nditenge. Mtundu wake ndinkaudziwa. Ku nkhondo, kumene ndinali ndi udindo wa kopolo, ndinkayendetsa zotere, zikafa n'kulowa pansi pake ndi sipanala.

Ndinali mkamwini. Kwathu ndi ku Mphuka, m'mbali mwa Zambezi, koma ndinkakhala kwa akazi anga, kulima munda wa eni ake. Zaka zinali zitapita. Mwana wathu wamkazi anali atayamba kale kutsatira amake kuchitsime. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kutenga banja langa, ndipite nalo kwathu. Wololeza anali mlongo wamkulu wa akazi anga, alamu anga, mwini mbumba. Ndikapempha ankati tidikire tikolole. Tikakolola ankati tidikire mvula.

Nditawauza za lole, anaomba m'manja.

"Alamu, idzutseni imeneyo. Tsiku limene idzayende, mudzakweze mlongo wanga, mwana, mtondo ndi munsi womwe, muzipita. Mukafike kwanu ngati bwana, osati ndi katundu pamutu."

"Mwanena?"

"Ndanena."

Ng'ombe kunalibe chifukwa cha ntchentche za tsetse. Kuikoka kufikira kumudzi kunafuna anthu, ndipo anthu sabwera pa ntchito yotere popanda mowa. Mapira anga anali ochepa. Alamu anati apongozi afulula ndi awo. Mwambo ndinkaudziwa. Munda wolimidwa pa mowa ndi wa mwini mowa. Nyumba yomangidwa pa mowa chimodzimodzi. Ndinafunsa.

"Mowa ukakhala wanu, nanga lole?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Akopolo inu! Lole ndi munda? Ine ndiichite nayo chiyani, munthu woti njinga yomwe imandigwetsa?"

Ndinasiya pamenepo.

Tinaikoka tsiku lonse, kudula zitsamba kutsogolo, kuika miyala kumbuyo. Tinaiimika pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa nyumba ya alamu, chifukwa mthunzi unali pamenepo. Anthu anamwa mowa wawo n'kubalalika. Ntchito inatsala kwa ine.

Mbewa zinali zitadya mipando ndi mawaya. Mavu anamanga m'kabuleta. Injini inali itagwirana, handulo yoilizira osatembenuka ngakhale ndiiponde ndi phazi. Ndinachotsa mapulagi, kuthira palafini m'maenje ake, n'kudikira. Ndikachoka kumunda ndinkabwera kudzaigwedeza. Tsiku lina inalola pang'ono, pang'ono kwambiri. Ndinakhala pansi n'kuiyang'ana.

Zitsulo ndinkakazipeza ku mlatho wa Luangwa, pamsewu waukulu wa ku Lusaka, pamene madalaivala ankaima. Ndinkapita wapansi. Ndikathandiza wina kumata chubu kapena kumanga sipiling'i, ankandisiyira chimene wataya: pulagi yakale, chidutswa cha payipi, tayala lotha. Lamba wa fani ndinadula pa chikopa cha njati. Magasiketi ndinasema pa katoni yokhuthala. Ladiyeta anandimatira mkulu wina wokhoma zidebe ku Katondwe. Batire ndinaisenza pamutu kuchokera kumlatho, asidi n'kundidyera malaya kumsana.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Nkhuku zinkaikira pansi pa chiwongolero. Amayi apamudzi podutsa ankafuula, "Akamwini, khola lanu laswa angati lero?" Ine ndinkangopitiriza ntchito yanga.

Alamu ankabwera madzulo, kukhala pamwala, kundipatsira sipanala. Nthawi zambiri ankapereka yolakwika. Ankasimba za ku Walale kumene anagwirako ntchito m'mafamu a fodya, mabodza ndi zoona pamodzi. Ndinkawakonda munthuyo. Pamudzi ponse ndi iwo okha amene ankandiseketsa.

Akazi anga ankabweretsa madzi m'chikho, n'kuima pang'ono. Ankafunsa za ku Mphuka. Ankati mwadiya, bwato la mtengo umodzi lija, akuliopa, ng'ona akuziopanso. Ndinkati mudzazolowera. Ankangoti, "Kaya." Anaumba miphika iwiri yatsopano, ine n'kuganiza kuti ndi ya ulendo.

Lole inalira m'nyengo yotentha, mitengo itayoyola masamba. Ndinazungulitsa handulo mpaka phewa kuwawa. Inatsokomola, inazima. Ndinazungulitsanso. Inagwira. Utsi wakuda unadzaza bwalo, mbuzi kuthawira kuthengo, agalu kuuwa. Amayi onena za khola aja ndiwo anayamba nthungululu. Alamu anandikumbatira, girisi n'kuwadetsa malaya.

"Manje mundiphunzitse," anatero. "Mukadzadwala panjira, mlongo wanga adzagone m'thengo?"

Zinamveka. Ndinawaphunzitsa kudambo louma. Anagunda chulu, anathyola kamtengo, koma anagwira msanga kuposa mmene ankanenera za njinga.

Kenako ndinapita ku Mphuka kukakonza malo. Petulo anali wochepa, ndinamusungira ulendo weniweni, choncho ndinayenda wapansi. Amayi anga anali atakalamba, maso akuchita chifunga. Mdzukulu wawo anamugwirapo ali khanda, osamuonanso. Ndinawauza kuti akubwera. Ndinadula mitengo, ndinaimika nyumba, ndinafolera. Mlongo wanga anazira pansi. Achibale anathandiza kugwetsa zitsamba kuti lole idzafike pakhomo penipeni. Mudzi wonse unamva kuti ndikubwera ndi banja pa motoka.

Ndinabwerera ku Mburuma m'mawa, dzuwa litakwera. Injini ndinaimva ndisanalowe m'mudzi. Lole sinali pansi pa masau. Inali pabwalo, kutsogolo kwa nyumba ya alamu, yodzaza matumba a mapira, mitolo ya fodya, mbuzi zomanga miyendo, anthu atakhala pamwamba. Alamu anali pachiwongolero. Atandiona anatulutsa mutu.

"Mwafika bwino, alamu! Kwerani, tikupita kumlatho. Giya yachitatu ikundivuta."

"Katundu uyu ndi wa yani?"

"Wa anthu. Lole yapamudzi iyenera kugwira ntchito."

"Petulo ndi wa ulendo wanga. Nyumba ndamanga. Ndabwera kudzatenga banja."

Anatsika, injini osazimitsa. Anakodola amalume awo, nkhalamba imene inali pamthunzi ndi anzake awiri. Onse anabwera msanga. Ndinaona kuti ankandidikira.

"Tinakhala pansi muli kwanu," anatero alamu, mokweza chifukwa cha phokoso. "Tinaiona nkhani yonse. Anaikoka ndani lole iyi?"

"Anthu."

"Pa mowa wa yani?"

"Ndinakufunsani zimenezo."

"Munafunsa, inde. Ine ndinkacheza ndi mlamu wanga. Si timatero? Inu munanditchapo kamba, ine ndinakutchani kopolo wa nkhuku. Mawu a chilamu asanduke mlandu lero?"

Nkhalamba zinagwedeza mitu. Amalume aja anati mowa unali wa mlongo wawo, apongozi anga, mapira a m'munda wawo, mthunzi wa pamalo pawo. Anati ine ndagwira ntchito yabwino, monga mkamwini wabwino amachitira.

Ndinayang'ana lole. Lamba wanga wa njati ankazungulira bwinobwino.

"Itengeni," ndinatero. "Ndipatseni mkazi ndi mwana. Tiyenda wapansi."

Alamu anandigwira paphewa. Ankamwetulira ngati masiku onse.

"Manje ikafa, adzutse ndani? Ganizani, alamu. Ine ndimadziwa kupondaponda chabe. Mlongo wanga akachoka, inunso mwachoka, chitsulo ichi n'kubwerera kwa nkhuku. Iyayi. Inu muli pano, iye ali pano, lole ili pano. Muziiyendetsa ndinu, palibe wokuletsani. Ku Mphuka muzikacheza."

Pamenepo ndinamvetsa. Ndikanaisiya mumchenga muja, mwina tsiku lina akanatopa nane n'kundimasula. Tsopano sakanatero.

Akazi anga anali pafupi ndi nkhokwe, lichero m'manja, mwana atawagwira chitenje. Apongozi anali chapatali, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu. Ndinapita kwa akazi anga. Ndinalankhula motsitsa.

"Amake mwana. Mwamva zimene anena alongo anu?"

"Ndamva."

"Munkadziwa?"

Anayang'ana m'lichero. Anatola kamwala m'mapira, n'kukataya.

"Anandiuza."

"Liti? Ndili ku Mphuka?"

"Kale."

"Kale liti?"

"Tikuviika chimera cha mowa uja."

Madzi a mowawo anatunga ndi iwo. Nkhuni anatola ndi iwo. Mvula ziwiri zonse zija ankandibweretsera chikho pansi pa lole, akudziwa.

"Kuno kuli amayi," anatero, mawu ali pansi. "Kumtsinje sindikudziwako munthu. Ndinkati ikalira mudzakondwa, mudzaiwala zopita. Nanga pano mukusowa chiyani, atate ake mwana?"

Anandiyang'ana kudikira yankho. Kumbuyo alamu analiza hutala, anthu apamwamba n'kuseka. Wina anafuula kuti dzuwa likukwera, mbuzi zifa. Alamu anatsegula chitseko cha dalaivala, anasendera mbali inayo, n'kumenya pampando ndi chikhatho.

"Akopolo! Malo anu awa!"

Ndinaika dzanja pamutu pa mwana, ndinalichotsa. Ndinadutsa pambali pa lole, chitseko chili chotsegula, kutentha kwa injini kukundiwomba kumaso. Alamu anaitananso. Ndinalowa njira ya ku Mphuka imene ndinadzera, ndipo ndinayenda.