Chikho chimene ndinawadumphitsa achimwene

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga mpaka anamwalira osaidziwa. Sukulu ndinalowa ndili ndi ana kale, choncho ndilemba monga ndingathere.

Chaka cha 1960 dziko lonse linapsa mtima. Ku Joni apolisi anawombera anthu okana mapasi, ambiri kumsana, akuthawa. Ku Kongo asilikali anaukira mabwana awo, azungu n'kuthawa. Kenako moto wa zipolowe unafika ku Bulawayo, m'dziko lomwe ndinkagwirako ntchito. Ine ndinkanyamula matumba kunjanji ku Umtali, kuwerenga osadziwa. Zonsezi ndinkazimva kwa bambo wina wa kwathu ku Ntcheu amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi ku komboni ya Sakubva. Ndinkawatchula achimwene, poti ndi amene anandilandira nditangofika, n'kundipezera ntchito. Anali khukhi wa mzungu, ndipo akamaperekera zakudya patebulo makutu awo ankakhala pa wailesi.

Lamlungu masana tinkakumana kubawa, n'kukhala mozungulira, chikho chachikulu cha masese chikuyenda. Wogula ankayamba walawa, kenako n'kupatsa wa pambali pake. Kumudumpha munthu kunali kunena kuti si wathunso.

Achimwene nkhani ankaifotokoza ndi manja omwe. "Kongo yapita, amwene! Adona akukwera sitima ndi nsapato imodzi!" Ife kuseka mpaka misozi.

Zitachitika za ku Bulawayo, anzathu ena a pabawapo anatengedwa ndi apolisi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti wobweretsa nkhani za azungu, zathunso amapita nazo. Bambo wina wachishona, amene mng'ono wake anamangidwa, anandiimitsa kumsika.

"Iwe mubhurandaya," anatero, monga ankatitchulira ife a ku Nyasalandi, "mumagona chipinda chimodzi ndi khukhi uja. Lamlungu tidzaona ngati nawenso uli momwemo."

Lamlungulo achimwene anabwera ndi jekete yawo yoyera ya kuntchito, n'kukhala pambali panga. Anayamba za Kongo, koma palibe anaseka. Chikho chinafika kwa ine. Ndinamwa, maso onse ali pa ine. Achimwene anali atatambasula kale dzanja, akulankhulabe, osandiyang'ana n'komwe. Ndinadutsitsa chikhocho pamwamba pa dzanjalo, n'kupatsa wotsatira.

"Aa, amwene, mwandiiwala mkulu wanu?" Anafunsa akuseka.

Wachishona uja anakuwa kuti, "Mutengesi! Watigulitsa!" Thabwa la benchi linawapeza achimwene pachibwano, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Anagwa chafufumimba. Anawapondaponda ndi majombo, a kwathu omwe, amene dzulodzulo ankaseka nthabwala zawo. Wina anawathira masese kumaso kuti, "Imwani tsopano!" Mano awo anali mbwee pasimenti, jekete ija itafiira mpaka m'matumba. Ine sindinamenye, sindinaleretsenso. Ndinangoima. Wezulo ya apolisi italira onse anabalalika, ine n'kuwabereka achimwene kumsana mpaka kuchipinda.

Ngati anauzako mzungu kanthu, mpaka lero sindikudziwa. Palibe anabweretsa umboni.

Kutacha ndinawapeza ali maso, nkhope yotupa, milomo youma gwa. Ndinatunga madzi pampopi m'kapu yawo ya chitini, n'kugwada pambali pa mphasa. Ndinayamba ndalawa, monga mwa mwambo, kenako n'kuwapatsira ndi manja awiri.

"Achimwene, imwaniko."

Anayang'ana kapuyo, anayang'ana ine, n'kutembenukira kukhoma. Ndinakhalabe chogwada, kapu ili m'manja, mpaka belu la kunjanji linalira ine osadzuka.