Katswiri wa Mphepo pa Damu la Ng'ombe

Mwana wa mlongo wanga anatchuka chifukwa choimirira pa thabwa. Sekani, inenso ndinayamba n'kuseka. Bambo ake anali othawa nkhondo, ndipo mtendere utabwera anamutenga kupita naye ku Beira, kunyanja ya mchere. Kumeneko anaphunzira masewera aja: thabwa pamadzi, thanga m'manja, mphepo n'kumakuthamangitsa. Anapambana mipikisano mpaka nkhope yake inayamba kuzungulira m'mafoni kuno ku Mwanza.

Eee, atabwera kumudzi kuno abale ndiye anachuluka! Osintha ndalama pa boda onse ankati anaphunzira naye kalasi imodzi. Akuluakulu ena ofuna mavoti anabwera kudzajambulitsa atagwira chikho chake, chonsecho iwo madzi amawadziwira m'beseni basi.

Koma mphwangayo sanabwerere zimenezo. Anabwerera mtsikana wa ku Thambani amene ankakondana naye kuyambira kale, ndipo ine monga malume ndinapita kukafunsira mbeta. Ndinavala jekete, chikho chija ndinakulunga m'chitenje.

Amalume a mtsikanayo anachitembenuza chikhocho, n'kusuzumira m'kati.

"Zikomo, taona. Nanga ntchito amagwira yanji?"

"Ndi katswiri, bambo. Dziko lonse likumudziwa."

"Sitikukana. Thabwalo limakwera anthu angati?"

"Mmodzi."

"Iye yemweyo?"

Ndinavomera kuti inde. Anagamula kuti mkamwini sasankhira pa foni, akufuna aone ndi maso awo mmene mwana wawo azidyera.

Madzi aakulu kwathu kuno ndi damu lomwera ng'ombe, choncho tinapangana tsiku loti akaonetse masewerawo kumeneko. Tsikulo anthu anadzaza ngati pa maliro a munthu wachuma, amayi a zitumbuwa ndi manachesi malonda mpaka anatha. Mphwanga anaimirira pakati pa damu atagwira thanga. Mphepo zii. Mapiri athuwa anaitsekereza yonse. Ng'ombe zinamuyang'ana, zinamwa, zinapita. Ine thukuta lili kamukamu m'jekete, ndikupemphera chamumtima.

Kenako mphepo inabwera. Abale inu! Mwana uja anauluka, madzi akung'ambika kumbuyo kwake, anakhota tsidya lija m'mphepete mwa bango osagwa, n'kubwerera. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Mtsikana uja anali atagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola chotero, ndikunena zoona.

Amalume aja anadikira kuti nthungululu zithe kaye.

"Ndiye kuti wapita, wabwerera pomwe anachokera, osanyamula ngakhale thumba la mtedza?"

"Ndi mmene amapambanira, bambo."

"Nanga tsiku lopanda mphepo, mwana wathu adzadya chiyani?"

Ndinapsa mtima, ndinayankhula mpaka kukamwa kunauma, koma mkuluyo anangotola chipewa chake. Mtsikanayo palibe anamufunsa maganizo. Chaka chisanathe anamukwatitsa kwa mnyamata wa kabaza, poti ameneyo akapita amabwera ndi kanthu.

Mphwanga anabwerera ku Beira. Akupambanabe, sanakwatire, ndipo kuno sapondako. Zimandiwawa, chifukwa mlongo wanga akukalamba akumuonera mwana wake pa foni za eni. Mwezi watha ndinawapeza amalume aja pa msika wa Thambani, anthu atawazungulira, akuwaonetsa pa foni mpikisano watsopano wa mphwangayo.

"Mukumuona uyu?" ankatero, chifuwa chili patsogolo. "Ameneyutu anadzafunsirapo mbeta pakhomo panga. Ine n'kumukana!"