Alamu achira, ndipo mwana ndamuyeza ndine

Moni nonse abale. Alamu anga Asiyatu, akazi a achimwene Yusufu, achira m'mawa uno pachipatala kuno ku Liwaladzi. Ndi mwana wamkazi.

Poti ndikuphunzira unamwino pachipatala chomwechi, a sisita anandiuza kuti, "Mwana wakwanu uyu, umuyeze ndiwe, ine ndizingoyang'ana." Ndinamvetsera mtima wake, ndinaona kapumidwe, liwombo, m'kamwa ndi mchombo. Zonse zili bwino, sikelonso ndi yokwanira.

Achimwene analowa ndili pakati poyesa ngati mwana amadzidzimuka. Nditatsitsa pang'ono kamutu kake m'dzanja langa, anatambasula manja onse awiri n'kuwabwezanso pachifuwa akulira. Achimwene, munthu wolowa m'nyanja mwera ukuwomba, anagwira khoma.

"Kodi mwana wanga akukomoka?" anafunsa.

Ndinawauza kuti wakhanda wathanzi amatero, tikanada nkhawa akanangokhala duu. Kenako ndinati aike chala chawo m'kadzanja kake. Mwana anachigwira zolimba osafuna kutaya, achimwene n'kukhala pansi.

Panopa akuyamwa bwino, ali pachifuwa pa mayi ake. Kusamba ayamba mawa. Azakhali, mukamabwera musatenge zopaka pamchombo zija, mankhwala ake tapereka kale kuno.

Tsono achimwene akuti dzina ndipereke ndine. Ine mtima ukufuna, koma amayi ali pomwepa ndipo uyu ndi mdzukulu wawo woyamba. Akuluakulu mukuti bwanji, ndilandire kapena ndiwasiyire?