Doko la Adadi pa Pepala Lakale

Linali Lachisanu loyamba la Novembala. Ndinali kuusa mvula m'shopu ya zinthu zakale ku West Bromwich, kudziko la Angerezi, podikira kuti amayi aweruke kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito. Sindimakonda kuyang'anizana ndi ogulitsa, choncho ndinapita kumapeto, kumene kunali bokosi la mapepala achikasu. Anali mapu. Pa amodzi panali dzina lakale lachingerezi, koma m'munsi wina analembapo ndi pensulo kuti Durban.

Mzinda umenewo ndinkaudziwa ndi makutu okha. Adadi anatsala ku Malawi, amayendetsa thiraki yokatenga katundu kudoko kumeneko. Amaimba foni Lamlungu lililonse, koma chibwerereni kuno ine mawu amandithera. Ndimangoti ndili bwino, kusukulu kuli bwino, kenako n'kubwezera amayi foni. Mwezi umenewo adadi anali atasiya kupempha kuti amayi andipatse foni. Ankangoti, "Mumupatse moni," ndipo ndinkaopa kuti tikuzolowera.

Mapuwo anandidabwitsa. M'madzi munali timanambala todzaza ngati nyerere, ndi tisitima tansalu, chingwe chilichonse chikuoneka. Kumtunda kunali misewu ingapo yowongoka, tchalitchi, nyumba ya asilikali. Kupitirira apo kunali timitengo tofanana, kenako pepala loyera.

Mwini shopu, gogo wachizungu wovala juzi yobooka pachigongono, anaima pambali panga. Ndinafuna kubweza pepalalo, koma anati ndisaope. Anandiuza kuti manambalawo ndi kuya kwa madzi, kuti sitima zisagunde mchenga. Anati mapu otere sankawajambula ndi cholembera: mmisiri ankagoba mizere pa chimbale chamkuwa, n'kupaka inki, n'kudinda. Zilembo zonse ankazigoba chobwerera, monga zimaonekera pagalasi. Anandilola kuyendetsa chala m'mphepete, ndipo ndinamva kamzere kolowa pamene mkuwa unapanikiza pepala.

Ndinafunsa motsitsa ngati poyerapo panalibe anthu. Anaganiza kaye, n'kunena kuti analipo ambiri, kungoti wopanga mapu ankalembera anthu obwera pasitima. N'kutheka kuti mmisiriyo sanapondeko n'komwe, ankangokopera zimene amalinyero am'bweretsera.

M'basi ndinauza amayi. Anali atavula nsapato imodzi, maso ali chitsinzinire.

"Ku Durban? Bambo ako amati amagona m'thiraki pamzere mpaka ndevu kumera. Nyanjayo sindikudziwa ngati amaiona."

"Ndiye amaima pati? Pamisewu paja kapena poyera?"

"Ukundifunsa ine? Ndinapitako? Uwafunse eni ake."

Kunyumba ndinayesa kulemba dzina la mzindawo chobwerera, n'kuliyang'ana pagalasi la kubafa. Zilembo ziwiri zinatembenuka molakwika. Ndinkaganiza za munthu uja wogoba doko limene sanalione, ndi adadi amene amalidziwa fungo lake koma sindinawafunsepo ngakhale kamodzi. Kodi mchenga uja ulipobe? Kodi timitengo tija tinasanduka chiyani?

Vuto linali lakuti sindinajambule mapuwo. Foni inali m'thumba nthawi yonseyo, koma ndinachita manyazi kupempha. Ndinatsimikiza kuti m'mawa mwake ndibwerera ndekha kushopu, ndikalankhula mokweza kuti gogoyo asachite kuwerama pofuna kundimva, ndikapempha kujambula, ndipo ndikatumiza chithunzicho kwa adadi Lamlungu lisanafike.